Zolemba za Ntchito: Kuyeza Mafunde a Ubongo Polemba ndi Pojambula, Zenizeni ndi Zongoyerekezera

6 Januwale: cholinga ndi zipangizo

Ntchito imeneyi ndi yofuna kuona, pogwiritsa ntchito zipangizo zimene munthu wamba angathe kusonkhanitsa, mmene ubongo umachitira pa zinthu zinayi: munthu akamalemba mawu ndi dzanja, akamajambula chinthu, akamangoyerekezera m'maganizo kuti akulemba, ndiponso akamangoyerekezera kuti akujambula dzanja lili phee patebulo. Njira imene ndasankha ndi ya EEG, yoyeza timagetsi ta ubongo kudzera pakhungu la m'mutu, imene Hans Berger anayamba kuigwiritsa ntchito pa anthu ku Jena, m'dziko la Germany, mu 1924 n'kufalitsa zotsatira zake mu 1929. Chimene ndikufunafuna makamaka ndi mafunde otchedwa mu, amene amagunda maulendo 8 mpaka 13 pa sekondi pamwamba pa dera la ubongo loyendetsa manja. Mafundewa amakhala aakulu dzanja likapumula ndipo amachepa likayamba kuyenda. Gert Pfurtscheller ndi Christa Neuper a ku Graz, m'dziko la Austria, anasonyeza mu 1997 kuti amachepanso munthu akangoyerekezera kuti akuyendetsa dzanja, ndipo ntchito yanga yonse yatsamira pa mfundo imeneyo.

Zipangizo ndi izi: bolodi la EEG la matchanelo 8 (kutanthauza kuti limayeza malo 8 nthawi imodzi) lokhala ndi chip ya ADS1299, limene limayeza maulendo 250 pa sekondi ndipo limayendera batire; maelekitirodi, tizitsulo tomata pakhungu tomva timagetsi ta ubongo, ooneka ngati timakapu tokutidwa ndi golide; phala lomatira maelekitirodi pakhungu; mankhwala okhakhala opukutira khungu; tepi yoyezera; bandeji yaukonde; tabuleti yojambulira ndi cholembera chake; ndiponso laputopu. Mapulogalamu onse ndi aulere: PsychoPy yoonetsa malangizo pa sikirini, Lab Streaming Layer yosonkhanitsa zoyeza zonse pamodzi, ndi MNE-Python yowerengetsera. Mtengo wa bolodi lokha unaposa mtengo wa zinthu zina zonse kuziphatikiza, ndipo chachiwiri pa kudula ndi tabuleti. Phala ndi mankhwala opukutira n'zotchipa koma zimatha msanga, choncho wofuna kuchita ntchito yotere aziike pa ndalama zimene azitulutsa mobwerezabwereza.

Lamulo limodzi ndaliika kuyambira lero ndipo silisintha: munthu akakhala ndi mawaya kumutu, palibe chipangizo chilichonse chomukhudza chimene chilumikizidwe ku magetsi a pakhoma. Anthu ochepa amene adzipereka kuthandiza awafotokozera zonse ndipo avomera polemba.

15 Januwale: kuyeza mutu ndi kumata maelekitirodi

Malo a maelekitirodi ndatsatira dongosolo la 10-20 limene Herbert Jasper anafalitsa mu 1958. Tepi imayambira pamwamba pa mphuno, pakati pa maso, n'kudutsa paliwombo mpaka pa kafupa kotumphuka kunkhongo, ndipo pakati penipeni pa mtunda umenewo, pamene ukukumana ndi mzere wochoka kukhutu lina kufika kukhutu linzake, ndi pamalo a Cz. Kuchoka pamenepo kupita kumanzere ndi magawo 20 pa 100 a mtunda wa pakati pa makutu timapeza C3, ndipo kumanja timapeza C4. Popeza dzanja lamanja limayendetsedwa ndi mbali yakumanzere ya ubongo, C3 ndiye malo ofunika kwambiri kwa anthu olemba ndi dzanja lamanja. Poyamba ndinagawa matchanelo motere: F3 (kutsogolo kwa mutu), C3, Cz, C4, P3, P4 (chakumbuyo), O1 ndi O2 (kunkhongo), ndipo maelekitirodi awiri amene enawo amayezedwa mofanizira nawo ndinawaika kunsonga za makutu.

Vuto loyamba linali tsitsi. Ndinayesa kaye maelekitirodi ouma okhala ndi timano ngati chipeso, amene ndinabwereka, chifukwa safuna phala. Pa anthu a tsitsi lambiri ndi lopotana timanoto sitinkafika pakhungu, ndipo pamene tinafika tinayamba kupweteka pasanathe nthawi. Ndinabwerera ku timakapu ta golide. Njira imene yagwira ntchito ndi yopatula tsitsi ndi kamtengo kokhala ndi thonje kunsonga, kupukuta khungu pang'onopang'ono ndi mankhwala okhakhala aja, kudzaza kakapu ndi phala mpaka litatumphuka, kukakanikiza pakhungu, kenako kuphimba ndi kansalu ka bandeji. Mafuta odzola kumutu amalepheretsa magetsi kudutsa, motero ndimapempha aliyense kusamba m'mutu ndi sopo wamba ndi kusadzola kanthu tsiku limenelo. Kwa amene ali ndi tsitsi lalitali, kuluka mizere yosiya khungu poyera pamalo oyenera kunathandiza kuposa china chilichonse. Ndikufuna kuti kukana magetsi kwa elekitirodi iliyonse kukhale pansi pa 10 kΩ, ndipo kufika pamenepo kumadya nthawi yochuluka kuposa kuyeza kwenikweniko.

Kunja kukatentha phala limafewa ndipo timakapu timatsetsereka. Bandeji yaukonde yovala ngati chipewa inathetsa zimenezi. Mayeso oyamba anali akale aja a Berger: munthu akatsinzina, mafunde a kumbuyo kwa mutu otchedwa alpha anakula moonekeratu pa O1 ndi O2, ndipo akatsegula maso anazimiririka. Zipangizo zikugwira ntchito.

27 Januwale: phokoso la magetsi

Munthu atangoika dzanja pa tabuleti, mizere yonse isanu ndi itatu inadzaza ndi phokoso la magetsi a m'nyumba, amene amagunda maulendo 50 pa sekondi m'mayiko ambiri ndi 60 m'mayiko ena. Mafunde a ubongo ndi a mamaikrovoti makumi ochepa chabe, choncho phokosolo linawakwirira onse. Laputopu inali pa batire, koma tchaja yake inali idakali pakhoma pafupi ndi mpando, ndipo waya wa tabuleti unkadutsa pambali pake. Nditazula tchaja ndi kuchotsa nyale ya patebulo, phokoso linatsika kwambiri. Lotsalalo linachoka nditapota mawaya onse a maelekitirodi pamodzi kukhala chingwe chimodzi, n'kuchimangirira kukolala ya malaya kuti chisalendewere, komanso nditamata bolodi kumsana kwa mpando. Sefa ya m'pulogalamu yochotsa 50 Hz (maulendo 50 pa sekondi) ndinaisiyabe, koma sindikufuna kuidalira, chifukwa phokoso likakula kwambiri limadzaza chipangizo ndipo sefa siingabweze zimene zatayika. Pa gawo limeneli sindinawononge ndalama iliyonse kupatula ya tepi yomatira.

9 Febuluwale: nthawi sizikugwirizana

Bolodi limatumiza zoyeza popanda waya, ndipo zimafika mu laputopu m'magulumagulu, nthawi zina msanga, nthawi zina mochedwa. Chizindikiro cha pulogalamu chonena kuti lamulo loti "lembani" laonekera pa sikirini sichinkagwera pamalo amodzimodzi m'mizere ya EEG. Ndinagula photodiode, kachipangizo kotchipa kwambiri komva kuwala, n'kukamata pangodya ya sikirini pamene kabokosi kamayera lamulo likaonekera, ndipo waya wake ndinaulowetsa m'bolodi momwemo. Tsopano chizindikiro cha nthawi chimayenda limodzi ndi mafunde a ubongo, ndipo kuchedwa kulikonse kumakhudza zonse mofanana. Nthawi imene cholembera chakhudza tabuleti ndimaigwirizanitsa ndi chizindikiro chomwechi.

22 Febuluwale: kulemba kwenikweni, ndi zimene si ubongo

Dongosolo la kuyesa kumodzi lili motere: munthu amayang'ana kamtanda pa sikirini kwa masekondi 3 dzanja litapumula, kenako mawu kapena chithunzi chimaonekera, amagwira ntchitoyo kwa masekondi 5, ndipo amapumula kwa nthawi yosinthasintha kuti asazolowere n'kuyamba kukonzekera pasadakhale. Mphamvu ya mafunde pa nthawi ya ntchito ndimaiyerekeza ndi ya nthawi yopumula: ndimachotsa ya kupumula pa ya ntchito, n'kugawa ndi ya kupumula, n'kuchulukitsa ndi 100, monga mmene a ku Graz amachitira.

Zotsatira zoyamba zinaoneka zokongola, ndipo kukongola kwakeko ndi kumene kunandikayikitsa. Polemba ndi pojambula, mphamvu ya mafunde othamanga, kuyambira 20 Hz kupita m'mwamba, inakwera kwambiri, makamaka pa O1, O2, P3 ndi P4. Nditayang'ana mizere yosasefedwa ndinaona timizere tothinana tosongoka, chizindikiro cha minofu osati ubongo. Munthu akaweramira patebulo kuti alembe, minofu ya kukhosi ndi kunkhongo imalimba kuti igwire mutu, ndipo magetsi ake ndi aakulu kuposa a ubongo kutalitali. Wina mwa othandizawo amaluma mano akamaikirapo mtima pa chinthu, iye osadziwa n'komwe, ndipo nsagwada zake zinkaipitsa C3 ndi C4, malo enieni amene ndikuwafuna. Kufunafuna mafunde a mu pakati pa zimenezi kuli ngati kumvetsera munthu wonong'ona mvula yamphamvu ikugwa padenga la malata.

Ndinakhoma thabwa lopendekeka loikapo tabuleti kuti mutu usawerame, ndinaika katsamiro pansi pa chigongono kuti phewa lisanyamule mkono, ndipo ndinakweza sikirini kufika pa msinkhu wa maso. Wa nsagwada uja ndinamupempha kuti azisiya kampata pakati pa mano, lilime lili pansi, ndipo kumuonetsa pa sikirini mmene kuluma mano kumaonekera kunamuthandiza kuposa kumuuza ndi pakamwa.

Maso ndiwo anavuta kwambiri. Diso lili ndi magetsi akeake, kutsogolo kwake ndi kumbuyo kwake n'kosiyana mphamvu, choncho likatembenuka kapena munthu akaphethira, maelekitirodi a kutsogolo kwa mutu amaona funde lalikulu. Vuto lake ndi lakuti maso sayenda mofanana pa ntchito ziwirizi. Polemba amadumphadumpha kuchoka kumanzere kupita kumanja motsatira mzere, pamene pojambula amapita m'mwamba, pansi ndi m'mbali, n'kumabwerera pamene mzere unayambira. Aliyense woyerekeza kulemba ndi kujambula popanda kuyeza maso akhoza kupeza kusiyana kwakukulu pa F3 n'kuganiza kuti wapeza dera la kulemba limene Sigmund Exner analitchula mu 1881, lomwe lili chapafupi pamenepo, pamene kwenikweni wayeza kuyenda kwa maso. Njira ya ICA imene ambiri amachotsera phokoso lotere imafuna matchanelo ambiri, ndipo pa matchanelo 8 inkachotsa maso pamodzi ndi mbali ya mafunde enieni. Ndinapereka tchanelo chimodzi kwa maso, elekitirodi imodzi pamwamba pa nsidze ina pambali pa diso, kuti ndizidziwa nthawi imene ayenda.

Ndinawonjezanso mtundu wina wa kuyesa. Dzanja limabisika pansi pa katoni yodulidwa mbali imodzi, munthu amayang'ana kamtanda kokha, ndipo amalemba zilembo pamalo amodzi, china pamwamba pa chinzake, kuti mkono usayende. Ndikudziwa kuti uku si kulemba kwa masiku onse, popeza wolemba amadalira kwambiri kuona zimene cholembera chikusiya. Koma ndi kulemba kokhako kumene ndingakuyerekeze mwachilungamo ndi kulemba kwa m'maganizo, kumene kulibe choona chilichonse. Mitundu yonse iwiri ndaisunga, ndipo sindiisakaniza powerengetsa.

10 Malichi: kulemba kwa m'maganizo

Pafupifupi onse anapempha kutsinzina kuti ayerekezere bwino, ndipo poyamba ndinawalola. Zotsatira zinatuluka zozondoka: m'malo mochepa, mphamvu ya pakati pa 8 ndi 13 Hz inakwera pa C3 ndi C4. Chifukwa chake n'chakuti alpha wa kunkhongo, amene amakula munthu akatsinzina, amagunda pa liwiro lofanana ndi la mu, ndipo chigaza chimamwaza magetsi moti funde lalikulu la kumbuyo limafika mpaka pakati pa mutu. Zoyeza zonse za masiku amenewo ndinaziika pambali. Tsopano maso amakhala otsegula, akuyang'ana kamtanda, pa kupumula ndi pa ntchito pomwe.

Ngakhale ndi maso otsegula, alpha ankalowererabe munthu akatopa. Mankhwala ake ndi njira imene Bo Hjorth anafotokoza mu 1975, yochotsa pa elekitirodi yapakati avereji ya zinayi zoizungulira, kuti zochokera kutali zifafanizike n'kutsala za pamalopo. Zimenezi zinafuna kuti ndisamutse matchanelo onse. Dongosolo latsopano ndi C3 pakati, FC3 kutsogolo, CP3 kumbuyo, C1 ndi C5 m'mbali, kenako C4, tchanelo cha maso, ndi chomaliza cha minofu ya mkono. Ndataya P3, P4, O1 ndi O2, kutanthauza kuti sindingathenso kunena chilichonse chokhudza madera a kumbuyo amene amagwira ntchito yaikulu pojambula. Mtengo umenewu ndi wowawa, koma ndi bwino kuona malo amodzi momveka kusiyana ndi kuona malo asanu ndi atatu mwachimbuuzi.

Tchanelo cha minofu, chimene ndi maelekitirodi awiri omatidwa pamkono pakati pa chigongono ndi dzanja, chinaulula chinthu chimene maso sakanaona. Anthu ena akamayerekezera kulemba, zala zawo zimagwiradi ntchito pang'ono. Mmodzi ankakhala chete ndithu, chikhatho chili pathabwa, koma mzere wa EMG, woonetsa magetsi a minofu, unkatulutsa timagulu ta kunjenjemera togwirizana ndi chilembo chilichonse, ndipo nditayang'anitsitsa ndinaona nsonga ya chala chake cha mkombaphala ikuyera ndi kufiira pamene ankakanikiza thabwa ndi kulisiya. Iyeyo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti sakusuntha. Kuchepa kwa mu pa kuyesa kotero sikutsimikizira kanthu za maganizo, chifukwa dzanja likuyendadi. Ndinaika malire: kuyesa kulikonse kumene EMG yakwera moonekeratu kuposa mmene inalili popumula kumatayidwa. Kwa munthu ameneyu zotayidwa zinachuluka kuposa zotsala, mpaka pamene ndinatembenuza dzanja lake kuti chikhatho chiyang'ane kumwamba pakatsamiro, zala zisakhale ndi chokanikiza.

Mawu a malangizo nawonso anafunika kusinthidwa. Ndikanena kuti "yerekezerani kuti mukulemba", ena ankaona m'maganizo zilembo zikuoneka papepala ngati akuonera munthu wina, ndipo pa C3 sipankasintha kanthu kwenikweni. Neuper ndi anzake anasonyeza mu 2005 kuti kuyerekezera kwa kumva m'thupi kumasintha mafunde a dera la manja momveka kuposa kuyerekezera kwa kuona. Malangizo atsopano akuti munthu amve cholembera pakati pa zala, amve kulemera kwake, amve nsonga ikukhukhuza pamene ikukhota. Ndimamupatsanso mwayi wolemba mawuwo zenizeni kangapo asanayambe kuyerekezera, kuti kumvako kukhale kudakali m'dzanja. Mmodzi ananena kuti saona zithunzi m'maganizo mwake ngakhale pang'ono, mkhalidwe umene Adam Zeman ndi anzake anautcha aphantasia mu 2015, koma kuyerekezera kwa kumva anakutha bwino, ndipo mafunde ake a mu anachepa momveka kuposa a ena.

Funso limene linatsala ndi lakuti ndingadziwe bwanji kuti munthu akuyerekezeradi, osati kungokhala akuganiza zina. Jean Decety ndi François Michel anapeza mu 1989 kuti nthawi imene munthu amatenga kulemba chiganizo kapena kujambula bokosi m'maganizo imayandikana kwambiri ndi imene amatenga pochita zenizeni. Ndinafuna kugwiritsa ntchito mfundoyi popempha munthu kudina batani akamaliza, koma kudina ndi dzanja lamanzere kumasintha mafunde pa C4, kuponda ndi phazi kumawasintha pakati pa mutu, ndipo kulankhula kumabweretsa phokoso la nsagwada. Choncho kuyeza nthawi ndinakupatula kukhala gawo lakelake lochitika maelekitirodi asanamatidwe. Amene nthawi yake ya m'maganizo ikufupika kwambiri poyerekeza ndi yeniyeni amakhala akudumpha zilembo, ndipo timayeserera limodzi mpaka nthawi ziwirizo zitayandikana.

2 Epulo: kulinganiza kulemba ndi kujambula

Zoyeza za tabuleti zinaonetsa kuti anthu akauzidwa kujambula nyumba kapena nsomba amajambula zazikulu, poyendetsa chigongono ndi phewa, pamene polemba amayendetsa zala ndi mfundo ya dzanja zokha. Kusiyana kulikonse kwa mafunde kukanatha kukhala kwa kukula kwa kayendedwe osati kwa mtundu wa ntchito. Ndinadula pulasitiki yolimba kukhala chimango chokhala ndi bowo la masentimita 4 mbali zonse, n'kuchimata pa tabuleti, ndipo zonse zimachitikira m'bowomo. Zithunzi ndinazisankhanso, n'kutenga zimene kutalika kwa mzere wake ndi kuchuluka kwa makona ake zikuyandikana ndi za mawu a zilembo zitatu kapena zinayi. Kuchuluka kwa makona n'kofunika chifukwa dzanja limachepetsa liwiro pokhota ndi kuthamanga pamzere wowongoka, monga Lacquaniti, Terzuolo ndi Viviani anafotokozera mu 1983, motero chithunzi cha mizere yowongoka yokhayokha sichingafanane ndi zilembo zodzaza ndi zokhota. Ndinawonjeza ntchito yachitatu yapakati, yozunguliza timalupu topanda tanthauzo, kuti ikhale yofanizira ndi ziwiri zinazo.

Chimene sindinathe kulinganiza ndi kuzolowera. Munthu wamkulu walemba zilembo zake kwa zaka zambiri ndipo dzanja limangoyenda lokha, pamene chithunzi, ngakhale chophweka, amachiganizira pochijambula.

24 Epulo: kuwerengetsa, ndi chiwerengero chonyenga

Nditasefa zoyeza ndi kutaya zoipitsidwa ndi maso, minofu ndi kugwedezeka kwa mawaya, chithunzi cha pa C3 chinaoneka bwino. Polemba ndi pojambula zenizeni, mu ndi beta (mafunde ena othamanga kuposa mu) zimatsika cholembera chisanakhudze n'komwe tabuleti, zimakhala pansi nthawi yonse ya ntchito, ndipo dzanja likaima beta imadumpha kukwera kupitirira pamene inali poyamba isanabwerere m'malo mwake. Pa C4 kutsikako kuliponso ngakhale dzanja lamanzere silikuchita kanthu. Poyerekezera, kutsika kumaoneka pa liwiro lomwelo koma n'kochepa, kumapendekera kwambiri ku C3, ndipo kumazilala masekondi asanu asanathe. Kwa ena mwa othandizawo kumaoneka ngakhale pa kuyesa kumodzi. Kwa wina sikunaoneke konse ngakhale titayeserera kwambiri. Zimenezi si zachilendo, chifukwa ofufuza a ntchito yolumikiza ubongo ndi kompyuta amanena kuti anthu pakati pa 15 ndi 30 pa 100 alionse satulutsa chizindikiro chokwanira kugwiritsidwa ntchito mwa njira imeneyi.

Kenako ndinaphunzitsa kompyuta kusiyanitsa ntchitozi pogwiritsa ntchito njira zodziwika za masamu zotchedwa CSP ndi LDA. Kusiyanitsa kupumula ndi kulemba kwenikweni kunali kophweka. Kusiyanitsa kupumula ndi kuyerekezera kunatheka kwa ambiri. Chodabwitsa chinali chakuti kompyuta inaonekanso kuti ikusiyanitsa bwino kwambiri kulemba kwa m'maganizo ndi kujambula kwa m'maganizo, chinthu chimene sindinkayembekezera pa matchanelo ochepa chotere.

Chiwerengerocho sichinapirire nditachiyesa. M'magawo oyambirira, kulemba konse kunkachitika motsatizana kenako kujambula konse motsatizana, kuti anthu asasokonezeke. Koma m'kati mwa ola limodzi phala limauma, khungu limatuluka thukuta, munthu amatopa ndipo alpha amakwera, motero chiyambi cha gawo chimasiyana ndi mapeto ake ngakhale munthu atachita ntchito imodzimodzi. Pulogalamu inkasakaniza zoyesa zonse n'kutengapo zina zophunzirira ndi zina zoyesera, ndipo chimene kompyuta inaphunzira ndi kusiyanitsa nthawi ya kumayambiriro kwa gawo ndi ya kumapeto kwake. Umboni wake ndi wakuti nditaipatsa masekondi atatu a kupumula okha, pamene munthu sanayambe n'komwe ntchito, inasiyanitsabe "kulemba" ndi "kujambula" pafupifupi mofanana. Mayeso amenewa ndikulangiza aliyense wochita ntchito yotere kuti awachite asanasangalale ndi chiwerengero chilichonse. Ndinayezanso magawo atsopano ntchito zitasakanizidwa mwachisawawa, ndipo kompyuta ndinaiphunzitsa ndi zoyeza za tsiku lina n'kuiyesa ndi za tsiku lina. Kusiyanitsa kulemba ndi kujambula kwa m'maganizo kunagwa kufika pamlingo wosasiyana ndi kungolota. Mtengo wa gawo limeneli unali phala lina latsopano, mabatire, ndi kuleza mtima kwa anthu amene anabweranso kudzakhala pampando womwewo.

12 Meyi: pamene ntchito yafika

Zimene zipangizozi zasonyeza modalirika ndi ziwiri: dera la ubongo loyendetsa dzanja limagwira ntchito polemba ndi pojambula, ndipo limagwiranso ntchito mocheperapo munthu akangoyerekezera, ngakhale titachotsa kuyesa konse kumene minofu inasuntha. Pa kulemba ndi kujambula kwenikweni, kusiyana kumene kunalipo dzanja likuoneka kunachepa kwambiri dzanja litabisidwa ndi kukula kwa kayendedwe kutalinganizidwa, zimene zikundichititsa kukhulupirira kuti mbali yaikulu ya kusiyanako inali ya maso ndi mkono. Zimenezi zikugwirizana ndi kafukufuku wa fMRI (makina oonetsa madera a ubongo amene akugwira ntchito) wa Samuel Planton ndi anzake wa mu 2017, amene anapeza kuti madera ambiri odziwika ndi kulemba amagwiranso ntchito pojambula, ndipo kusiyana kunaonekera makamaka pa mmene ntchito imapendekera kumanzere pafupi ndi dera la Exner. Kusiyana kosaoneka bwino chotero sikungagwidwe ndi timakapu tisanu ta pa C3 ndi pozungulira pake.

Pali ntchito ziwiri zimene anthu amandifunsa akamva za izi, ndipo ndi bwino kuika yangayi pambali pa zimenezo kuti malire ake aoneke. Ku yunivesite ya NTNU, mu mzinda wa Trondheim ku Norway, Audrey van der Meer ndi Ruud van der Weel anagwiritsa ntchito chipewa cha maelekitirodi 256, ndipo mu 2024 anafalitsa kuti mwa ophunzira 36 kulemba ndi dzanja kunagwirizanitsa madera a ubongo mokulirapo kuposa kutaipa. Kugwirizana kwa madera otalikirana sikungayezedwe ndi dongosolo langa, limene maelekitirodi ake athinana pamalo amodzi. Ku yunivesite ya Stanford, ku America, Francis Willett ndi anzake anafalitsa mu 2021 za mwamuna wofa ziwalo chifukwa chovulala msana, amene ankayesa kulemba zilembo ngakhale dzanja lake silikanatha, ndipo kompyuta inamasulira zilembo 90 pa mphindi molondola pa 94 mwa 100 zilizonse. Iwo anaika maelekitirodi 192 m'kati mwenimweni mwa ubongo, kumene amamva maselo amodziamodzi. Panja pa chigaza pamafika kusakanizika kwa maselo mamiliyoni, ndipo kusiyana kwa chilembo china ndi chinzake kumakhala kutafafanizika. Tiyeneranso kukumbukira kuti kuyesa kusuntha dzanja lofa n'kosiyana ndi kuyerekezera kwa munthu amene dzanja lake ndi labwinobwino, popeza womalizayu ayenera kuliletsa kuti lisayende pamene akuganiza zoliyendetsa.

Gawo lotsatira likufuna bolodi lowonjezera lofikitsa matchanelo pa 16, limene mtengo wake ndi waukulu kuposa ndalama zonse zimene ndawononga pa phala, mabatire ndi matabwa. Matchanelo atsopanowo adzazungulira C4 monga mmene anayi aja azungulira C3, n'kubwezeretsa P3 ndi P4, ndipo limodzi mwa awiri otsala lidzapita kukhosi kuti minofu ya kumeneko iziyezedwa mwachindunji m'malo moiganizira. Pa bolodi la mtundu umenewu kuwonjezera matchanelo kumatsitsa liwiro la kuyeza kufika pa maulendo 125 pa sekondi, limene ndi lokwanira pa mu ndi beta koma lochepa pa EMG, choncho malire otayira zoyesa ndiyenera kuwayezanso kuyambira pachiyambi. Ndikufunanso othandiza olemba ndi dzanja lamanzere, chifukwa onse amene ndayeza mpaka pano ndi a dzanja lamanja.